Chisanu si nthawi yopachika khasu: tidzale ndiwo m'ndowa

Mvula ikangoleka mu Epulo, chimanga n'kulowa m'nkhokwe, anthu ambiri amaona ngati ulimi wa chaka chimenecho watha. Khasu limapachikidwa pakhonde kudikira Okutobala. Amene ali ndi dimba kudambo amapitiriza ndithu kulima, koma wophunzira wogona m'hositelo, mphunzitsi wokhala m'nyumba ya pasukulu ndi banja lochita lendi ku Ndirande, ku Chinsapo kapena ku Zolozolo amangodikira kuti mayi wogulitsa masamba adutse ndi dengu pamutu. Tsiku limene ndalama palibe, nsima imadyedwa ndi nyemba zokhazokha, mwinanso ndi soya wotsala dzulo.

Ife tikuti miyezi inayi ya chisanu, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndiyo nthawi yosavuta kulima ndiwo zamasamba kuposa ina iliyonse pachaka, ndipo munthu sachita kufunika dimba kuti azilime. Ndowa yobooka, thumba lakale ndi dothi la mafosholo ochepa n'zokwanira. Tikutinso ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tili ndi chifukwa chachikulu kuposa anzathu chodziwira ulimi umenewu tisanachoke pano, ndipo koleji iyenera kutipatsa malo ochitirapo.

Chisanu chathu n'chofatsa

Kumaiko a ku Ulaya ndi kumpoto kwa America, nyengo yozizira ikafika nthaka imauma gwa ndi madzi oundana, ndipo mlimi amatsekadi dimba mpaka kutafundanso. Kwathu kuno sizili choncho. M'madera okwera monga Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu, masana a mu Juni ndi Julayi kumafunda mpaka madigiri 20 kapena kupitirirapo pang'ono, usiku n'kutsikira chakuma 10. Chisanu chowaula mbewu chimagwa mwa apo ndi apo m'malo okwera kwambiri ngati ku Nyika, ku Viphya ndi mbali zina za Dedza, makamaka m'zigwa momwe mpweya wozizira umakhazikika usiku. Kwina konseku, chimene chimatichititsa kuvala majuzi awiri m'mawa sichipha mbewu ayi. Kumwera, chiperoni chikabwera ndi nkhungu ndi mvula yake yowaza, ife timadandaula kuti zovala sizikuuma, koma masamba amakondwa.

Mpiru, repu, tchainizi, kabichi, letesi, sipinachi, karoti ndi anyezi ndi mbewu zokonda kuzizira kotere. Kukatentha kwambiri, mpiru ndi letesi zimafulumira kutulutsa maluwa, masamba n'kuyamba kulimba ndi kuwawa. M'dzinja namo muli mavuto ake: mvula yamphamvu imagwetsa mbande, chinyezi chimabweretsa matenda owoletsa masamba ndi chiwawu cha tomato, ndipo udzu umakula msanga kuposa mbewu. M'chisanu zonsezi zimachepa. Dzuwa silipsa kwambiri, choncho madzi amene mwathirira m'mawa amakhalitsa m'dothi, zimene sizitheka mu Okutobala.

Amene anayendapo pa msewu wa M1 pakati pa Ntcheu ndi Dedza umboni anauona ndi maso. Pa Lizulu, pa mphambano ya ku Tsangano ndi pa Bembeke pamakhala miyulumiyulu ya kabichi, karoti, anyezi ndi tomato zochokera m'mapiri ozizira a maboma awiriwa ndi a ku Angónia, tsidya la Mozambique. Alimi a kumeneko sanapambane chifukwa chothawa kuzizira. Kuzizirako ndiko kumawapatsa ndiwo zimene mizinda yathu imadya. Chimene iwo ali nacho nthawi yaitali pachaka, ife tonse timachilandira kwa miyezi inayi, ndipo ambiri amangochilola kudutsa.

Tisanamizane kuti chilichonse chimachita bwino nthawi imeneyi. Therere, bonongwe, mabilinganya ndi nkhwani zimakonda kutentha, ndipo m'madera okwera zimakula mokakamiza mpaka Ogasiti atatha. Kunyanja ndi kuchigwa cha Shire, kumene chisanu chimangomveka dzina, zimenezi zimatheka ndithu. Tomato amabereka m'chisanu, koma amachedwerapo kupsa. Wodzala m'ndowa asankhe mbewu yogwirizana ndi dera lake, ndipo woyamba kumene ayambe ndi mpiru kapena repu, chifukwa sizikhumudwitsa.

Wopanda dimba ali ndi khonde

Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'dziko muno. Wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni. Dziko ndi lomwelija, madambo ndi omwewaja. Ambiri a ife tikamaliza maphunziro sitidzalandira dimba la makolo, chifukwa linagawidwa kale pakati pa amalume ndi azakhali. Tidzakhala m'nyumba za lendi zokhala ndi bwalo la simenti, kapena pasukulu yomangidwa pamtunda pouma, kutali ndi mtsinje. Mawu akuti chuma chili m'nthaka tinakula tikuwamva, ndipo ndi oona, koma nthakayo siichita kukhala ekala. Ikhoza kukhala yodzaza ndowa imodzi.

Anzathu a ku Kibera, dera lothithikana la mumzinda wa Nairobi ku Kenya, anazitsimikiza zimenezi. Zipolowe za pambuyo pa chisankho cha 2007 zitasokoneza malonda ndi kukweza mitengo ya chakudya, bungwe la Solidarités International linathandiza mabanja a kumeneko kudzala masamba m'matumba oimika pakhomo. Mabanja okhala m'nyumba za malata zogundana, opanda ngakhale kamzere kamodzi ka munda, anayamba kuthyola masamba amene kumeneko amawatcha sukuma wiki, abale ake a repu wathuyu. Nairobi ndi mzinda wa pamalo okwera umene umaziziranso mu Juni ndi Julayi ngati kwathu kuno. Ngati zinatheka m'tinjira ta ku Kibera, kuseri kwa hositelo yathu sizingakanike.

Dimba la m'ndowa lili ndi ubwino wina umene dimba la kudambo lilibe. Lili pakhomo, choncho munthu amaliona tsiku lililonse, mbozi ikangoyamba n'kuichotsa. Limanyamulika: mwininyumba akakuuzani kuti musamuke, ndiwo zanu zimakwera nawo galimoto. Madzi amapita pamizu penipeni, osamwazika m'mizere. Agogo amene miyendo inatha mphamvu, kapena munthu wolumala amene sangatsikire kudambo, akhoza kulisamala atakhala pampando.

Kachitidwe kake

Chodzalamo sichifuna kugula. Ndowa yobooka, beseni long'aluka, chigubu cha mafuta ophikira cha malita 20 chodulidwa pamwamba, tayala lakale, mphika wosweka kukamwa ndi thumba la chimanga la makilogalamu 50, zonsezi zimagwira ntchito. Chimene munali mankhwala ophera tizilombo, penti kapena oyilo wa galimoto chisagwiritsidwe ntchito, ngakhale chitatsukidwa. Pansi pa chodzalamo pakhale mabowo angapo otulukira madzi, chifukwa mizu ikakhala m'madzi imaola. Mpiru, repu, letesi ndi anyezi zimafuna dothi lakuya masentimita 20 mpaka 25. Karoti amafuna pafupifupi 30. Tomato mmodzi amafuna ndowa yake yonse ya malita 20 ndi kamtengo komangirirako.

Dothi la pabwalo lokha silikwanira, chifukwa likathiriridwa kangapo m'ndowa limagwirana ngati njerwa. Sakanizani magawo awiri a dothi lakuda la pamwamba, gawo limodzi la manyowa owolerana bwino ndi gawo limodzi la mchenga wa kumtsinje kapena mankhusu a mpunga. Manyowa akhale owolerana ndithu. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mizu, ndipo ndowe zosawola zimanyamula tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba, zimene n'zoopsa pa masamba odya osaphika ngati letesi.

Mbewu ifesedwe kaye m'beseni limodzi ngati nazale. Mpiru ndi repu zimamera pasanathe sabata. Pakatha masabata atatu kapena anayi, mbande zikakhala ndi masamba anayi kapena asanu, ziwokeredwe chakumadzulo kuti zisafote. Pakathanso masabata ena atatu kapena anayi, kuthyola kumayamba. Thyolani masamba a m'munsi, awiri kapena atatu pa mbewu iliyonse, n'kusiya a kunsonga kuti apitirize kukula. Mbewu yosamalidwa motere imapereka ndiwo kwa masabata ambiri.

Thumba loimika ndilo limabereka kwambiri pamalo ochepa. Tengani chitini chodula mbali zonse ziwiri, muchiimike pakati pa thumba, mudzazemo timiyala, kenaka muthire dothi mozungulira chitinicho. Kokerani chitini m'mwamba, mudzazenso timiyala ndi dothi, mpaka thumba lidzale. Pakati pamatsala mzere wa miyala umene umatsitsa madzi mpaka pansi. Kenaka boolani timabowo m'mbali mwa thumba, motalikirana ngati chikhatho chotambasula, n'kulowetsamo mbande. Thumba limodzi limatha kunyamula mbewu 20 kapena kuposerapo pamalo amene pakanangokhala mpando umodzi.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri sachiganizira: kumene dzuwa limadzera. Dziko lathu lili kumwera kwa equator, choncho mu Juni ndi Julayi dzuwa limayenda mopendekera kumpoto. Khoma loyang'ana kumwera limakhala mumthunzi pafupifupi tsiku lonse, pamene loyang'ana kumpoto limaothera dzuwa, n'kusunga kafundidwe kake mpaka usiku. Masamba amafuna dzuwa la maola asanu kapena asanu ndi limodzi patsiku. Ikani ndowa zanu kumpoto kwa nyumba, pamalo obisika ku mphepo ya mwera imene imaumitsa dothi msanga.

Thirirani m'mawa. Kuti mudziwe ngati pakufunika madzi, pisani chala m'dothi: likakhala lonyowa mpaka pa mfundo yoyamba ya chala, dikirani. Phimbirani pamwamba ndi udzu wouma kapena masamba ouma kuti chinyezi chisathawe. Popeza chakudya cha m'ndowa chimatha msanga, pakatha masabata awiri aliwonse onjezerani dzanja limodzi la manyowa pamwamba. Mdani wamkulu m'nyengo youma ndi nsabwe za m'masamba, zimene zimabisala kunsi kwa tsamba. Zikakhala zochepa, zifikiseni ndi zala. Zikachuluka, wazani madzi osungunuliramo sopo pang'ono kapena madzi oviikamo masamba a nimu osinja. Kwa munthu wa ndowa khumi, mankhwala a m'sitolo safunika kwenikweni.

Nkhaniyi ndi ya m'mbale

Wina akhoza kuona ngati tikukamba za kachizolowezi kotayitsa nthawi. Ayi, tikukamba za thanzi. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu azidya magalamu osachepera 400 a zipatso ndi ndiwo zamasamba patsiku. Unduna wa Zaumoyo umatiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo zamasamba ndi gulu palokha. Tiyeni tiyang'ane mbale ya wophunzira wodziphikira yekha kumapeto kwa mwezi, kapena ya mphunzitsi amene malipiro achedwa, tione ngati gulu limeneli likupezekamo tsiku lililonse.

Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndipo pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 15 mpaka 49 anali ndi vuto la kuchepa kwa magazi. Zoyambitsa mavutowa n'zambiri, malungo ndi njoka za m'mimba zili pomwepo, ndipo masamba okha sangawathetse. Komabe masamba obiriwira kwambiri ali ndi zimene thupi limapangira vitamini A, ali ndi vitamini C, foleti ndi ayironi, zimene nsima ya ufa woyera ilibe mokwanira. Akatenderedwa ndi nsinjiro kapena kuthiridwa mafuta pang'ono, thupi limatengamo vitamini A mosavuta. Akaphikidwa nthawi yaitali kapena ndi soda, zambiri zimawonongeka. Ndipo tsamba lothyoledwa mphika uli kale pamoto limakhala ndi vitamini C wochuluka kuposa limene lagona pamsika masiku awiri.

Palinso nkhani ya mankhwala. Botolo lililonse la mankhwala opopera mbewu limanena masiku oyenera kudikira musanakolole. Wogula pamsika alibe njira yodziwira ngati masikuwo anakwana. Sitikunyoza alimi a m'madimba, ambiri amatsata malangizo. Tikungoti ndiwo ya m'ndowa yako umaidziwa mbiri yake yonse.

Kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu aliyense anakwera mtengo, ndipo banja likapanikizika chimene chimayamba kuchoka m'mbale si nsima. Zimachoka ndi ndiwo. Ndowa zingapo pakhonde sizilemeretsa munthu, koma zimachititsa kuti tsiku lopanda ndalama lisakhale tsiku lopanda masamba.

Chifukwa chake aphunzitsi ayenera kutsogola

Phunziro la zaulimi lilipo m'sukulu zathu za pulayimale ndi sekondale, ndipo MANEB imalifunsa pa mayeso. Komatu m'sukulu zambiri limathera pa bolodi. Mwana amajambula bedi la nazale m'kope, amaloweza ubwino wa manyowa, amakhoza bwino pa MSCE, koma mbande sanaiwokerepo. Mphunzitsi akafunsidwa, yankho limakhala lakuti sukulu ilibe malo, ilibe madzi, ilibe ndalama za zipangizo. Yankholi nthawi zambiri ndi loona tikamanena za munda. Tikamanena za ndowa zisanu pakhonde la kalasi, silikhalanso loona.

Choipa kwambiri n'chakuti m'sukulu zambiri, za boma ndi za mipingo zomwe, khasu limatuluka pokhapokha mwana akalakwa. Wochedwa akatchetche udzu, wolongolola m'kalasi akakumbe dzenje la zinyalala, wothawa phunziro akazule chitsa. Mwana wokula motere amaphunzira phunziro limodzi lozama kuposa onse a m'silabasi: kugwira dothi ndi chilango, ndipo wophunzira bwino ndi amene wathawa khasu. Pamene tikudabwa kuti achinyamata sakonda ulimi, tikumbukire kuti m'mera mpoyamba. Mwana amene wapatsidwa ndowa yakeyake, yolembedwa dzina lake, n'kuona njere imene anafesa yekha ikusanduka ndiwo yopita nayo kwa amayi ake, sadzaonanso dothi ngati chikwapu.

Ndowa imodzi imaphunzitsa maphunziro angapo nthawi imodzi. Dzalani mpiru m'ndowa ziwiri, ina ya manyowa ina yopanda, ndipo ana aziyeza kutalika kwa mbewu ndi rula Lolemba lililonse: amenewo ndi sayansi yeniyeni, yokhala ndi choyerekezera chake. Ikani ina padzuwa ina pamthunzi, ndipo ntchito ya kuwala pa zomera sidzafunikanso kuloweza. Fesani njere 20, zikamera 17 ana apeze okha kuti ndi 85 peresenti. Alembe ndalama yogulira mbewu ndi mtengo wa masamba amene athyola, aone phindu. Alembe m'Chichewa kapena m'Chingerezi zimene aona sabata imeneyo. M'maphunziro athu a kaphunzitsidwe timauzidwa kawirikawiri kuti tizigwiritsa ntchito zipangizo zopezeka m'dera lathu. Palibe chipangizo chopezekeratu kuposa ndowa yobooka.

Kalendala ya sukulu nayo ikugwirizana nafe. Teremu yachitatu imagwa m'miyezi yomweyi ya chisanu. Kalasi ikafesa kumayambiriro kwa Meyi, imawokera Juni asanafike kapena atangoyamba, ndipo pofika kumapeto kwa Juni ana ayamba kuthyola. Sukulu isanatsekere, aona moyo wonse wa mbewu kuchokera ku njere mpaka mumphika. Chimanga sichingatipatse mwayi umenewu, chifukwa chimadutsa matchuthi a Khirisimasi ndipo chimafuna munda. Koma mphunzitsi sangatsogolere ana pa chinthu chimene iye sanachigwirepo. N'chifukwa chake malo ophunzirira ndi pano, tikadali ophunzira.

Zimene otsutsa amanena

Ena akuti ndowa sizingadyetse koleji. N'zoona, ndipo sitikunena kuti khitchini isiye kugula kabichi. Koma tiyeni tiwerengere banja laling'ono kapena ophunzira anayi ophika pamodzi. Thumba la mbewu 20, iliyonse ikamapereka masamba awiri pa sabata, ndiye kuti masamba 40 pa sabata. Matumba atatu ndi masamba 120. Pamenepo mphika wa masamba ukhoza kukhala pamoto masiku ambiri a sabata. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Ena akuti madzi ndi ovuta, ndipo mipope imauma. Dandaulo limeneli ndi lenileni, makamaka kumene anthu amatunga pa mjigo wakutali kapena kugula pa kiyosiki. Komabe m'chisanu ndowa yophimbiridwa bwino imakhuta ndi lita imodzi kapena awiri patsiku, choncho ndowa imodzi ya madzi ya malita 20 ikhoza kuthirira zodzalamo khumi. Madzi ambiri otere timawataya kale: otsukira mpunga, otsukira masamba ndi mbatata, otsukuluzira mbale komaliza. Amene ali ndi mchere, mafuta ambiri, sopo wambiri kapena mankhwala oyeretsera zovala asapite ku mbewu, ndipo madzi ogwiritsidwa kale ntchito azithiridwa padothi, osati pamasamba.

Ena akuti m'chisanu masamba amatchipa pamsika, ndiye kuvutikiranji, komanso tiwalanda malonda amayi ogulitsa. Kufupi ndi madambo amatchipadi. Koma sukulu zambiri zimene tidzatumizidweko zili kutali ndi msika, kumene tsiku la msika limabwera kamodzi pa sabata ndipo masamba ogula Lachiwiri safika Lachisanu. Kunena za amayi ogulitsa, wodzala mpiru pakhonde adzagulabe tomato, anyezi, mbatata ndi nthochi kwa iwo. Ndalama imene yapulumuka pa mpiru imathera pa dengu lomwelo.

Ena akuti mbuzi, nkhuku ndi anthu a manja ataliatali adzakolola m'malo mwathu. Nkhuku ndi mbuzi zimagonja ndi thandala lokwera kapena kampanda ka bango. Za anthu, dimba la munthu mmodzi ndilo limabedwa msanga. La gulu, limene aliyense wa m'hositelo akudziwa kuti ali ndi gawo, limakhala ndi alonda ambiri.

Ena akuopa udzudzu ndi uve. Udzudzu umaswana m'madzi odikha, osati m'dothi lonyowa. Chodzalamo chokhala ndi mabowo sichisunga madzi, ndipo tayala lodzaza dothi ndi labwino kuposa tayala lotayidwa kuseri limene limasunga madzi a mvula. Matumba ofoleredwa bwino m'mbali mwa khoma, obiriwira mu Julayi pamene kapinga yense wauma, sanyansitsa sukulu.

Za nthawi, kuthirira ndowa khumi sikutha mphindi khumi ndi zisanu. Pa Sabata palibenso chovuta: thirirani mokwanira Lachisanu masana, phimbirani bwino, ndipo m'nyengo yozizira mbewu zidzadikira mpaka Lamulungu m'mawa osafota. Nthawi ya tchuthi, ndowa zikhoza kusiyidwa kwa mabanja a ogwira ntchito okhala pasukulu pano, iwo n'kumathirira ndi kudya.

Pempho lathu

Kwa akuluakulu a koleji, tikupempha zinthu zitatu zosafuna bajeti. Choyamba, kamalo m'mbali mwa khoma loyang'ana kumpoto, kufupi ndi mpope, pa hositelo iliyonse. Chachiwiri, zigubu za mafuta ndi matumba otha ntchito a kukhitchini azisungidwa m'malo motayidwa kapena kuwotchedwa. Chachitatu, makoko a mbatata, zotsalira za kabichi ndi phulusa la kukhitchini zizipita pa dzenje la kompositi limene ophunzira adzalisamala.

Kwa aphunzitsi athu a m'gawo la zamaphunziro, tikupempha kuti ntchitoyi iziwerengedwa. Wophunzira aliyense asanapite kukayeserera kuphunzitsa, akhale atalera mbewu imodzi kuchokera ku njere mpaka kukolola, ndipo alembe dongosolo la phunziro limodzi logwiritsa ntchito ndowayo, kaya ndi la masamu, sayansi kapena chiyankhulo. Chimene chili ndi malikisi ophunzira amachipatsa ulemu.

Kwa makolo ndi abale a mumpingo amene mumawerenga magazini ino, paketi imodzi ya mbewu ya mpiru imakhala ndi njere mazanamazana, zochuluka kuposa zimene khomo limodzi lingadzale. Banja limodzi likafesa, mbande zikhoza kukwanira mabanja khumi. Mukamakayendera okalamba ndi odwala, ganizirani zowatengera ndowa yodzalidwa kale. Mulu wa masamba umatha tsiku lomwelo, koma ndowa imawapatsa ndiwo mpaka chilimwe.

Kwa ophunzira anzathu, musadikire komiti. Anthu anayi a chipinda chimodzi akhoza kusonkherana ya paketi imodzi ya mbewu sabata ino. Amene afesa mu Meyi adzadya mu Juni. Amene afesa mu Juni sanachedwe, ngakhale mbewu zidzakula modekha m'masabata ozizira kwambiri. Koma Seputembala akafika, dzuwa limayamba kuwawa, nsabwe zimachuluka, madzi amafunika kawiri patsiku, ndipo mpiru umathamangira maluwa. Amene akufuna kuphunzira ulimi umenewu mosavutika, nthawi yake ndi ino, majuzi adakali m'thupi.